Ndinapita kukagogoda mizati ya mabwalo a baseball

Lachinayi usiku, South Bend, ku America

Mawa m'mawa tikunyamuka. Zikwama zili kale m'galimoto, ndipo mdzukulu wanga wagona atavala chipewa chake cha timu ya baseball ya Chicago Cubs ngati kuli wina amene akam'lande kutulo.

Ulendowu wabadwa pa mkangano wa patebulo sabata yatha. Akamwini anga, omwe ndi mbadwa ya ku Michigan, amawerenga pafoni kuti eni timu ina ya ku Chicago, ya White Sox, akufuna bwalo latsopano poti lomwe ali nalo lakalamba. Ndinafunsa kuti linamangidwa liti. Akuti 1991. Ndinaika sipuni pansi. Mu 1991 ine ndinali kale kapitawo wa zomangamanga ku Blantyre, ndipo nyumba zomwe tinkamanga chaka chimenecho anthu akugonamo mpaka lero, zina malata ake ndi omwe aja. Konkire ya zaka 34 ingakalambe bwanji?

Tinakokanakokana mpaka nsima kuzizira. Mwana wanga, amene anali atangoweruka kuchipatala komwe amagwira unamwino, anatopa nafe. "Bambo, m'malo molimbana pano, pitani mukadzionere nokha. Mwezi wonse mwangokhala pakhonde kuwerenga magalimoto." Akamwini anapempha tchuthi cha masiku angapo, ndiye ndi izi.

Ndineneretu kuti baseball sindiidziwa. Ine ndi wa Maule, ndinapsa ndi dzuwa zaka zambiri ku Biafra pa Kamuzu Stadium. Chomwe ndimadziwa ndi simenti, zitsulo ndi dzimbiri. Kanyundo sangandilole kulowa nako, choncho ndatenga kiyi wa nyumba yanga ya ku Chilobwe. Konkire yamoyo ukaigogoda imalira kuti ngwee. Yofumbwa mkati imangoti phu phu.

Lachisanu, Chicago

Tinanyamuka 8 koloko, tinayenda pafupifupi maola awiri, n'kufika foni ikuti 9 koloko. Ndimayesa yazungulira mutu. Kani South Bend ndi Chicago amasiyana ndi ola lathunthu, pomwe mtunda wake ndi ngati kuchoka ku Blantyre kukafika ku Ntcheu.

Galimoto tinaisiya kuhotela n'kukwera sitima ya Red Line mpaka pa Addison. Ukangotsika, bwalo la Wrigley Field ndi ilo, lopanikizana ndi nyumba za anthu, mabala ndi timashopu. Palibe chibwalo choimikapo magalimoto cholizungulira. Linamangidwa mu 1914, dziko lathu likutchedwabe Nyasaland, Chilembwe asanaukire azungu. Poyamba linali la timu ina ya ligi yomwe inafa msanga, a Cubs analowamo mu 1916, ndipo dzina la Wrigley, mkulu wa kampani ya chingamu uja, linabwera mu 1926. Magetsi osewerera usiku anawaika mu 1988, ndipo mpaka pano masewero a Lachisanu amakonda kuwachita masana.

Mdzukulu anayesetsa kundiphunzitsa malamulo. Wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi, akabwerera pomwe anayambira ndiye chigoli. Ndinati, "Aa, si raundasi imeneyi, ija amasewera atsikana pa buleki?" Anandigwira pakamwa. "Agogo, musanene mokweza!"

Khoma lakumapeto kwa bwalo ndi la njerwa, ndipo lonse linakutidwa ndi zomera zoyanga zomwe anadzala mu 1937. Mpira ukalowa m'masambamo n'kusowa, wosewera safufuza ayi, amangokweza manja, womenya uja n'kupatsidwa malo awiri. Pamwamba pake pali chibolodi chobiriwira cha zigoli, cha chaka chomwecho, chomwe mkati mwake muli anthu osintha manambala ndi manja. Ndinaona mutu wa munthu ukusuzumira pa kabowo.

Matikiti athu anali otsikirako mtengo chifukwa cha mzati wachitsulo womwe unaima patsogolo pathu chakumanzere. Akamwini anayamba kupepesa. Ndinawauza kuti andipatsa mpando woposa yonse. Anthu akukuwa, ine ndinali pa mzati. Penti wake ndi wokhuthala, wopakidwa pamwamba pa unzake kambirimbiri, mitu ya misomali yakale yolumikizira zitsulo ikuoneka ngati timatuza. Ndinagwada n'kuyang'ana patsinde, pomwe chitsulo chimakumana ndi konkire, chifukwa dzimbiri limayambira pamenepo madzi akamadikha. Panali pouma, poyera. Kiyi anati ngwee. Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwathu anafunsa akamwini ngati ndataya kanthu.

Mizati imeneyi ndi imene imanyamula mipando ya pamwamba, n'chifukwa chake okhala m'mwamba ali pafupi ndi osewera ngati akuonera ali pakhonde. Anthu ochepa amatsekeredwa pang'ono kuti anthu masauzande aone bwino. Muisunge nkhani ya mizatiyi, mawa ibweranso.

Musaganize kuti bwaloli lafika zaka 111 mwa mwayi. Mu 2004 zibenthu za konkire zinayamba kugwa kuchokera m'mwamba, mpaka anamanga maukonde kuti zisagwere anthu. Pamenepo ambiri ankati basi, ligwetsedwe. Banja la Ricketts litagula timu ndi bwalo mu 2009, linayamba lapempha thandizo la ndalama za msonkho, koma sizinatheke. Kenako linalowa m'thumba mwake. Kuyambira kumapeto kwa 2014 mpaka 2019, nyengo yozizira iliyonse masewero akatha, amisiri ankalowa kukumba pansi, kulimbitsa maziko, kusintha zitsulo ndi konkire yovunda, masewero akayandikira n'kutseka kuti anthu alowe. Ndalama zake zinapitirira kutali madola 500 miliyoni. Ntchito yotere ndi yowawa kuposa kumanga pa thengo. Aliyense amene anakonzapo nyumba eni ake akugonamo akudziwa zomwe ndikunena.

Zaulere palibe. Anaika matelevizioni akuluakulu omwe anatchinga ena mwa madenga a tsidya la msewu komwe anthu ankaonera mpira, anamanga hotela pafupi, anakumba zipinda za anthu olemera pansi pa mipando, ndipo mu 2020 boma litaliika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko, eni ake anapeza mwayi wochotseredwako msonkho. Akamwini akuti munthu wamba amene ankabwera kuno sabata iliyonse tsopano amabwera kawiri pachaka. Komabe bwalo lilipo, ndipo lero linadzaza. Mumalowa anthu pafupifupi 41,000, chimodzimodzi ndi Bingu Stadium.

Kuchimbudzi cha amuna ndinapeza chimbiya chachitali chachitsulo ngati chomwera ng'ombe, amuna atandandalika phewa ndi phewa. Akuti pokonza bwaloli zina anazisiya dala chifukwa masapota amazikonda. Azungu nawonso ali ndi zawo.

Loweruka, Chicago kummwera

Sitima yomweyo ya Red Line, koma kulowera kummwera, mpaka pa siteshoni ya Sox-35th. Lero kunalibe masewero, ndipo zinandikomera, chifukwa nyumba imaoneka bwino eni ake akachokapo.

Tinayamba ndi manda. Tsidya la msewu wa 35th kuli chibwalo cha phula choimikapo magalimoto, ndipo pakati pake pali kamwala koyera kooneka ngati kanyumba ka ngodya zisanu, ndi mizere iwiri yopentedwa yochokera pamenepo. Apa ndi pomwe womenya mpira ankaima pa Comiskey Park, bwalo lakale la White Sox, lomwe linatsegulidwa mu 1910 n'kugwetsedwa mu 1991. Mdzukulu anaimapo n'kumenya mphepo ndi chibonga chosaoneka. Pambali pake panali chikopa cha soda chophwanyika.

Akamwini anandifotokozera mmene zinayendera, titakhala pa kakhoma. Cha m'ma 1980 eni White Sox anati bwalo latha, ndipo ngati boma la Illinois silimanga lina, timu isamukira ku St. Petersburg ku Florida, komwe mzinda unali utayamba kale kumanga chibwalo chadenga popanda timu yoti iseweremo. Usiku wa pa 30 Juni 1988, tsiku lomaliza loti aphungu avomereze, bwanamkubwa James Thompson analowa yekha m'nyumba ya malamulo kukanyengerera aphungu mmodzimmodzi. Anthu amanena mpaka lero kuti mavoti anakwana 12 koloko itadutsa kale, koma wotsogolera zokambirana analengeza kuti nthawi inali isanakwane. Ndinaseka. Ndimayesa zoterezi n'zakwathu kokha.

Bwalo latsopano analimanga ndi ngongole yobwezedwa ndi msonkho wa 2 peresenti pa zipinda za mahotela a mu Chicago. Ndiye kuti usiku wathawu, ine wa ku Chilobwe, ndili mtulo ndasonkhako.

A ku St. Petersburg aja anatsala ndi chinyumba chawo chopanda timu ya baseball kuyambira 1990 mpaka 1998 pomwe anapeza timu ya Rays. Mu Okutobala 2024 namondwe Milton anang'amba denga lake ngati pepala la shuga, ndipo mu 2025 timuyo inakasewera pa kabwalo kobwereka ku Tampa.

Tsono bwalo la 1991 lija, lomwe lasintha maina kangapo ndipo pano likutchedwa Rate Field. Ndinalizungulira kunja konse komwe munthu angafike. Ndinagogoda makoma, ndinayang'ana molumikizira, ndinafufuza mizere yofiirira yomwe dzimbiri limasiya likamatuluka mu konkire. Ndikunena monga munthu amene wadya simenti zaka 40: nyumba iyi ikhoza kuona zidzukulu za mdzukulu wangayu.

Vuto lake ndi lina. Omanga anafuna kuti pasakhale mzati wotchinga munthu aliyense, ndiponso anafuna mizere ya zipinda zagalasi za makampani. Ukachotsa mizati n'kulowetsa zipinda pakati, mipando ya pamwamba imathawira kumbuyo ndi kumwamba. Inatuluka yotsetsereka ngati phiri la Soche, anthu n'kumaopa kukwerako, mpaka cha mu 2004 anadula mizere 8 yapamwamba kwambiri, mipando yoposa 6,000. Tsoka linanso n'lakuti patangotha chaka chimodzi chitsegulireni, mu 1992, ku Baltimore anatsegula Camden Yards, bwalo latsopano koma lomangidwa ndi njerwa kuti lizioneka lachikale, pakati pa tauni. Dziko lonse linatengeka nalo. La ku Chicago linasanduka lachikale lisanathe n'komwe kununkhira penti, ndipo chomwe anthu anayamba kusirira ndi chomwe iwo anali atangogwetsa tsidya la msewu.

Mu 2024 mwini timu Jerry Reinsdorf anapita kukapempha ndalama za boma pafupifupi madola 1 biliyoni kuti amange lina pafupi ndi pakati pa mzinda. Chaka chomwecho timu yake inagonja masewero 121 mwa 162. Bwanamkubwa JB Pritzker sanaonetse chidwi. Ndinauza akamwini kuti nkhalamba pano palibe, pali mwamuna amene waona mkazi wa mnzake. Anaseka, koma anati ndidikire za mawa.

Chinanso ndamva lero: Papa Leo XIV ndi mwana wa kummwera kwa Chicago kuno ndipo amachemerera White Sox. Mwina mapemphero ndi amene timuyi ikusowa kuposa bwalo.

Lamulungu, Milwaukee

Ola limodzi ndi theka kulowera kumpoto. Tchalitchi ndajomba, mayi ake a mwana wanga asamve.

Kuno mpira umayambira koimika magalimoto. Anthu amafika maola atatu nthawi isanakwane, n'kutulutsa mbaula, mipando ndi mabokosi a ayezi, n'kuyamba kuwotcha masoseji. Utsi wake unandikumbutsa pa chiwaya Loweruka madzulo. Bambo wina wandevu atamva kuti ndachokera ku Africa anandipatsa soseji yophikidwa mu mowa, ine n'kulandira ndi manja awiri.

Bwalo la American Family Field, lomwe poyamba linkatchedwa Miller Park, linatsegulidwa mu 2001. Denga lake limatseguka ndi kutsekeka ngati chikupizo cha m'manja, zigawo zake zikuyenda pa njanji. Ndinaliyang'ana mpaka khosi kuwawa. Kenako akamwini ananditengera pa chipilala cha amisiri atatu a zitsulo chomwe chili panja. Pa 14 Julayi 1999, kireni yaikulu yotchedwa Big Blue inkakweza chigawo cha denga cholemera matani oposa 400 kunja kuli mphepo yamphamvu. Inathyoka n'kugwera pa bwalo, n'kugunda kabokosi komwe munali amuna atatuwo m'mwamba. Onse anafera pomwepo. Ndinavula chipewa. Pa ntchito yathu aliyense amaidziwa mphindi ija mphepo ikamawomba, ntchito ili m'mbuyo, maso onse ali pa kapitawo kuti anene kuti tikweze kapena tidikire. Mdzukulu anandifunsa chomwe ndakhalira chete. Ndinangomugwira paphewa.

Ndalama zomangira zinachokera kwa aliyense wogula kanthu m'maboma asanu ozungulira Milwaukee: msonkho wa 0.1 peresenti, kuyambira 1996 mpaka 2020. Phungu wina, George Petak, anali atalonjeza anthu ake kuti akana, koma usiku wa mavoti anatembenuka n'kuvomera. Anthu a kwawo ku Racine anasaina zikalata, chisankho chinachitikanso mu 1996, n'kumuchotsa pampando nthawi yake isanathe. Msonkho unatha mu 2020, anthu n'kupuma. Mu 2023 bwanamkubwa Tony Evers anasainanso lamulo lopereka pafupifupi madola 500 miliyoni a boma, mzinda ndi dera kuti bwalo lomwelo likonzedwe, timu ya Brewers n'kulonjeza kukhala mpaka 2050. Denga loyenda lili ngati galimoto, limafuna sevisi moyo wake wonse.

Apa ndi pomwe akamwini anandipanikiza, ndipo ndivomere kuti anali ndi mfundo. Kuno mu Epulo kumagwabe chipale. Munthu wochokera kutali ndi ana ake sangayende maola atatu osadziwa ngati masewero achitika, koma denga likakhalapo amanyamuka mtima uli m'malo. Ndipo mantha oti timu ithawa si nthano kwa anthu a kuno. Anali ndi timu ya Braves, anaikonda, inawatengera chikho mu 1957, ndipo itatha nyengo ya 1965 inanyamuka kupita ku Atlanta. Brewers yomweyi anachita kuitenga ku Seattle mu 1970. "Bambo," anatero akamwini, "mungamve bwanji mutadzuka n'kumva kuti Bullets yasamukira ku Lusaka?" Ndinati zimenezo sizingachitike. Anati kuno zimachitika.

Sindinawayankhe. Ndimatafuna soseji yachiwiri.

Lolemba, pamsewu

Tsiku lonse m'galimoto, kubwerera ku South Bend kudzera mu mdipiti wa magalimoto wa Chicago. Mdzukulu anagona tisanatuluke mu Wisconsin.

Akamwini anayamba kundiwerengera ena. Ku Atlanta, a Braves omwe aja anachoka pa Turner Field atasewerapo zaka 20 zokha. Ku Texas a Rangers anasiya bwalo la 1994 itatha nyengo ya 2019 chifukwa cha kutentha, n'kumanga lina ladenga pafupi pomwepo. Ku Kansas City anthu anaponya voti mu Epulo 2024 n'kukana kupitiriza msonkho wothandizira bwalo latsopano la Royals. Ku Oakland ndiye kunali kulira. Bwalo la kumeneko, la 1966, linalekereredwa mpaka zonyansa za m'mapaipi kumabwerera m'zipinda za osewera, mzinda ndi eni timu akulozana zala, ndipo pa 26 Seputembala 2024 a Athletics anasewera komaliza. Pano akubwereka kabwalo ka anthu pafupifupi 14,000 ku West Sacramento podikira la ku Las Vegas, komwe boma la Nevada linalonjeza madola 380 miliyoni.

Ndinafunsa ngati ndalama zoterezi zimabwerera. Akuti akatswiri a zachuma, omwe sagwirizana pa chilichonse, pa ichi chokha ambiri amagwirizana kuti sizibwerera. Banja likawononga ndalama ku mpira, ndi zomwe likanawononga ku lesitilanti kapena ku kanema mu mzinda womwewo.

Maganizo anga anathawira ku Chichiri. Mbali zina za mipando ya Kamuzu Stadium zinatsekedwa zaka zapitazo akatswiri atapeza kuti sizingapirirenso kulemera kwa anthu, Flames n'kumakasewerera ku Lilongwe pa Bingu Stadium yomwe inatsegulidwa mu 2017. Mu 2019 tinalonjezedwanso kuti boma limangira Maule ndi Manoma mabwalo awoawo, ife n'kuvina. Sindikumbuka kuti pa ife ovinawo panali wina amene anafunsa kuti ndani azidzamata ming'alu madzi asanalowe mu zitsulo. Konkire siifa tsiku limodzi. Madzi amalowa pa kamng'alu koti sungalowetsemo chikhadabo, chitsulo cha mkati chimachita dzimbiri, dzimbiri limatupa, konkire n'kusweka yokha kuchokera mkati. Zimatenga zaka 15 kapena 20, ndipo zaka zonsezo pamakhala munthu wolandira malipiro amene amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku.

Lachiwiri, Detroit

Maola atatu ndi theka kulowera kum'mawa. Lero akamwini sanayankhule zambiri panjira, ndipo wailesi anaitseka.

Pa mphambano ya misewu ya Michigan ndi Trumbull, m'dera la Corktown, ndi pomwe panali Tiger Stadium ya timu ya Tigers. Inatsegulidwa pa 20 Epulo 1912, tsiku limodzi ndi Fenway Park ya ku Boston. Mapasa enieni. Kumeneko ku Boston, mu 1999 eni timu ya Red Sox anali atalengeza kuti bwalo lawo latha ndipo amanga lina pambali pake. Masapota anakana, ndalama zinavuta, timu inagulidwa ndi anthu ena mu 2002, ndipo atsopanowo anasankha kukonza pang'onopang'ono kwa zaka khumi. Fenway ilipo mpaka lero, ndi bwalo lakale kuposa onse mu ligi, ndipo anthu amalipira kuti angolowa kukaliona ngakhale tsiku lopanda masewero.

Mnzake wa ku Detroit sanapeze womuimira wamphamvu. Masapota anayesa. Mu 1988 anagwirana manja n'kulizungulira bwalo lonse, kulikumbatira ngati munthu. Anabweretsa ngakhale mapulani a mmene lingakonzedwere motsika mtengo. Sizinamveke. Masewero omaliza anachitika pa 27 Seputembala 1999, chaka chotsatira a Tigers n'kulowa mu Comerica Park pakati pa tauni. Bwalo lakale, lomwe mzinda unali utaligula kwa timu pa dola imodzi mu 1977, linangokhala chitsekere, mitengo n'kumera m'mipando. Analigwetsa mu 2008 ndi 2009.

Akamwini anali ndi zaka 10 pomwe malemu bambo awo anawabweretsa kuno koyamba. Anandionetsa ndi dzanja m'malere pomwe panali mipando ya pamwamba ya kumanja, yomwe inkalendewera mamita atatu pamwamba pa bwalo lenilenilo, moti wosewera amatha kuima pansi kudikira mpira, mpirawo n'kugwera m'manja mwa sapota pamwamba pa mutu wake. Pano pomwe amalozapo pali nyumba zogonamo zatsopano, pakhonde lina pali njinga ndi maluwa.

Koma bwalo lenilenilo silinafe. Atagwetsa makoma, malowo anasanduka tchire, ndiye mu 2010 anthu wamba anayamba kulowa ndi makina awo otchetchera udzu, opanda chilolezo, nthawi zina apolisi n'kumawathamangitsa. Anazula zitsamba, anatola zinyalala, anapezanso pomwe womenya ankaima, n'kumatchetcha sabata ndi sabata kwa zaka zingapo osalandira kanthu. Mu 2018 bungwe la masewero a ana la Detroit PAL linatsegulapo The Corner Ballpark. Udzu wake tsopano ndi wapulasitiki, zomwe zinawawa otchetcha aja, koma kukula kwa bwalo ndi komwe kuja, ndipo mlongoti wa mbendera wakale, wotalika mamita pafupifupi 38, udakali pomwe unali. Tinapeza ana akuphunzira kuwakha mpira, mphunzitsi wawo akukuwa ngati aphunzitsi a mpira a kulikonse.

Chomwe sindinkayembekezera ndi ichi. Pa 28 Juni 1990, patangotha miyezi inayi chitulukireni m'ndende, Nelson Mandela anaima m'bwalo lomweli n'kuyankhula kwa anthu pafupifupi 49,000, ambiri mwa iwo ogwira ntchito m'mafakitale a magalimoto. Ife nthawi imeneyo nkhani zake tinkamvera pa wailesi za kunja, mawu titatsitsa. Pa ulendo womwewo anayankhulanso pa Yankee Stadium yakale ku New York, yomwenso inagwetsedwa, ndi pa bwalo la ku Oakland lija. Ndinayang'ana kapeti wobiriwirayo n'kumayesa kuganiza kuti nsanja inali chapati.

Mtunda wosakwana kilomita kuchokera apa pali Michigan Central, siteshoni ya sitima ya 1913 yomwe inakhala bwinja kuyambira 1988, yopanda mawindo, madzi atadzaza pansi. Kampani ya Ford inaigula mu 2018 n'kuikonza, ndipo inatsegulidwanso mu Juni 2024. Tinaima patsogolo pake, miyala yake ikuwala. Akamwini anayang'ana siteshoni, anatembenuka kuyang'ana komwe tinachokera, n'kunena mawu amodzi achingerezi omwe sindingawalembe pano poti mdzukulu amawerenga zolembazi.

Mlongoti uja sindinathe kuufikira kuti ndiugogode, geti linali lotseka. Kiyi anabwerera m'thumba.

Lachitatu, South Bend

Miyendo yatupa. Mwana wanga wandiika mapazi m'beseni la madzi ofunda n'kufunsa kuti wapambana ndani. Akamwini akuti iwo, chifukwa ndavomera kuti denga la ku Milwaukee lili ndi ntchito ndiponso kuti mzinda wotaya timu umalira zenizeni. Ine ndikuti ine, chifukwa pa mabwalo onse omwe ndagogoda sindinamve phu phu ngakhale pamodzi, ndipo la zaka 111 ndi limene linali lodzaza kuposa onse. Tagwirizana chimodzi chokha, kuti mwini timu akanena kuti bwalo lakalamba, azitulutsa lipoti la injiniya ndi chikwama chake nthawi imodzi.

Mdzukulu akuti Loweruka tipite ku Four Winds Field, bwalo la timu yaing'ono ya mumzinda uno, la 1987. Akuti shopu yogulitsa zipewa ndi malaya a timu ili m'nyumba yakale yopemphereramo Ayuda, ya 1901, yomwe anaikonza m'malo moigwetsa. Ndamuuza kuti ndipita ngati andigulire chipewa. Wati agogo ndinu okhwima, ndalama muli nazo m'sokosi.

Pokwera masitepe a pakhonde madzulo ano ndaona mng'alu pa sitepe yachiwiri, wautali ngati chala, pomwe chitsulo chogwirira chinalowa mu konkire. Mwezi wonse ndakhala pakhonde pomwepa osauona. Ndawauza akamwini kuti mawa pobwera kuntchito adzere ku hadiweya, thumba laling'ono likwana.